Padi yopanda waya ikavuta: muyambire pati musanaitsegule kapena kugula ina

Mafunso okhudza padi yopanda waya yosewerera magemu, imene ena amati kontrola, amabwera omwewomwewo. Wina akuti ikungothwanima osalumikizana ndi makina a gemu, wina akuti imaduka gemu ili pakati, wina akuti munthu wake pa sikirini akuyenda yekha iye asanakhudze kalikonse. Ambiri akamafunsa amakhala atagamula kale kuti padi yafa, ndipo ena amakhala atamasula kale masikuluwu. Chimandipweteka n'chakuti mapadi ambiri otere sanafe. Cholakwika chimakhala chingwe, batire, kapena malo amene makina aikidwa.

Pansipa ndasanja mavutowa potengera zimene mukuona. Pa vuto lililonse ndayamba ndi choyambitsa chofala kwambiri, kutsirizira chosowa, choncho musalumphe. Ndikukamba za mapadi a PlayStation 4 ndi 5 (PS4 ndi PS5), Xbox One ndi Xbox Series, komanso Nintendo Switch. Mayina a pa menyu ndawasiya monga amaonekera pa sikirini.

## Mayeso awiri oyambira

Musanachite china chilichonse, dziwani kaye kumene kuli vuto.

Lumikizani padi ndi chingwe cha USB. Vuto likatha, ndiye kuti padi ili bwino, chovuta ndi batire kapena ulumikizi wa m'mlengalenga. Koma apa pali msampha. Padi ya Xbox mukaibaya chingwe imayamba yokha kulankhula ndi makina kudzera m'chingwemo. Ya PlayStation ayi, imangotchaja uku ikugwiritsabe Bluetooth, pokhapokha mutasintha. Pa PS5 pitani ku Settings, Accessories, Controller, Communication Method, musankhe Use USB Cable. Pa PS4 zili pa Settings, Devices, Controllers. Pa Switch, padi yaikulu yotchedwa Pro Controller imafuna kuti muyatse Pro Controller Wired Communication pansi pa Controllers and Sensors.

Sinthanitsani. Yesani padi ina pa makina anu, ndipo padi yanu muiyese pa makina ena, pa kompyuta kapena pa foni. Vuto likatsatira padi, ndi la padi. Likatsalira pa makina, siyani kuvutitsa padi.

## Ikuthwanima koma siikulumikizana

1. Inalumikizidwa ku chipangizo china. Ichi ndicho chofala kuposa zonse. Wina anaibwereka, kapena inu nomwe munasewerera pa foni, ndiye padi ikufunafuna foniyo osati makina anu. Muyenera kuidziwitsanso.

- PlayStation: yatsani makina ndi batani lake, bayani padi ndi chingwe cha USB, dinani batani la PS.
- Xbox: dinani batani la Pair pa makina, kenako pasanathe masekondi 20 gwirani batani la Pair la pa padi, limene lili pamwamba pafupi ndi bowo la USB, mpaka chizindikiro cha Xbox chiyambe kuthwanima mwachangu. Chikangoima n'kuwala osathwanima, zatheka. Padi ya Xbox Series imakumbukira makina amodzi ndi chipangizo chimodzi cha Bluetooth, ndipo kudina kawiri motsatizana batani la Pair kumaibwezera ku makina.
- Switch: lowetsani Joy-Con, timapadi tiwiri tosoloka ta Switch, m'mbali mwa makina mpaka mumve kulira kwa "tcha". Kapena pitani ku Controllers, Change Grip/Order, mugwire kabatani ka SYNC.

Foni imene inalumikizidwa ija ikakhala pafupi, izimitseni Bluetooth, chifukwa imatha kulanda padi makina asanaione.

2. Chingwe chake n'chotchajira basi. Zingwe za USB zimaoneka zofanana kunja koma mkati n'zosiyana. Zina zili ndi mawaya a moto okha, zilibe a data. Ine ndinataya madzulo athunthu ndi padi imene inkaonetsa kuti ikutchaja koma osalumikizana. Ndinaizimitsa, ndinaiyatsa, ndinazula makina kukhoma, mpaka ndinakumbukira kuti chingwe chimene ndinagwira chinabwera ndi tochi yotchaja. Nditasintha chingwe, inalumikizana nthawi yomweyo. Kuyesa kwake n'kosavuta: bayani foni pa kompyuta ndi chingwecho. Kompyuta ikaona mafayilo a m'foni, chingwe chili ndi data. DualShock 4 (padi ya PS4) ndi padi ya Xbox One zimalowa micro-USB, pomwe DualSense (padi ya PS5), padi ya Xbox Series ndi Pro Controller zimalowa USB-C.

3. Batire lafooka. Moto wochepa umakwanira kuyatsa kagetsi koma osakwanira kugwira ulumikizi. Itchajeni theka la ola, kapena ikani mabatire a AA atsopano awiri.

4. Padi kapena makina asokonezeka. Pa DualShock 4 kuseri pafupi ndi batani la L2 pali kabowo kakang'ono, ndipo DualSense nayo ili nako kuseri. Zimitsani makina, lowetsani kapini kotsegulira SIM ya foni, mugwire kabatani ka mkatimo masekondi 5, kenako lumikizani ndi chingwe. Pa Xbox gwirani batani la Xbox masekondi 6 kuti padi izime, muchotse mabatire, ndiye mugwire batani la makina masekondi 10 mpaka azimiretu. Kuwagoneka makina sikokwanira, azimitseni ndithu ndipo muzule chingwe cha magetsi kwa mphindi zingapo.

5. Malo adzaza. PS4 ndi PS5 zimalandira mapadi 4, Xbox 8, Switch 8. Pa Switch kumbukirani kuti Joy-Con iliyonse imawerengedwa payokha, komanso mukalumikiza mahedifoni a Bluetooth makina amangolola mapadi opanda waya awiri. Flight Mode nayo imazimitsa Bluetooth.

6. Padi si ya makinawo. DualSense sigwira pa PS4. DualShock 4 imagwira pa PS5 pa magemu a PS4 okha. Padi ya Xbox 360 sigwira pa Xbox One kapena Series. Pamenepa palibe chokonza.

7. Kachipangizo ka ulumikizi mkati mwa makina kawonongeka. Ngati mapadi awiri kapena atatu akukana opanda waya koma onse akugwira ndi chingwe, ndipo onsewo akugwira bwino kwina, imani. Iyi ndi ntchito ya wokonza.

## Imaduka gemu ili pakati

1. Batire. Onani kuchuluka kwa moto pa sikirini musanaganize zina. Padi ikamanjenjemera imadya moto wambiri mwadzidzidzi, choncho batire lofooka limadula pomwepo gemu yafika potentha. Mukaona kuti imaduka nthawi imene yanjenjemera, musayang'anenso kwina.

2. Imazima yokha mukaisiya. Ya Xbox imazima ikakhala mphindi 15 osakhudzidwa. Pa PS5 nthawiyi mumasankha nokha pa Settings, System, Power Saving, Set Time Until Controllers Turn Off. Ili si vuto, ndi kusunga moto.

3. Mtunda ndi zotchinga. Microsoft, kampani yopanga Xbox, imati padi ya Xbox imafika mamita 6 mpaka 9, koma zimenezo ndi pamene palibe chotchinga. Makina oikidwa m'kabati yotseka, kuseri kwa TV, kapena pa shelefu yachitsulo amamva padi movutikira. Ngakhale thupi la munthu limatchinga, chifukwa madzi amamwa mafunde amenewa. Tulutsani makinawo poyera, akhale moyang'anizana ndi pamene mumakhala, muone ngati pasintha.

4. Mafunde a zipangizo zina. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, ndipo njira imeneyi ndi yodzaza: Wi-Fi, mawusi ndi kiyibodi zopanda waya, masipika, ngakhale maikulowevu ikamatenthetsa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zipangizo za USB 3.0, makamaka hard drive yakunja yokhala ndi chingwe chosakutidwa bwino, zimatulutsa phokoso pa mafunde omwewa. Ngati vuto linayamba mutangobaya hard drive, mwapeza wolakwa. Chitani izi chimodzichimodzi, osati zonse pamodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza:

- sunthani rauta ya Wi-Fi italikirane ndi makina mita imodzi kapena kuposa;
- lumikizani makina ku Wi-Fi ya 5 GHz kapena ndi chingwe cha LAN;
- zulani hard drive kwa kanthawi, kapena muibaye kumbuyo ndi kuiika patali;
- zimitsani Bluetooth pa mafoni ndi masipika amene ali m'chipindamo.

5. Pulogalamu ya mkati mwa padi ndi yakale. Padi nayo imalandira update. Pa PS5 zili pa Settings, Accessories, Controller. Pa Xbox tsegulani Xbox Accessories. Pa Switch pitani ku System Settings, Controllers and Sensors, Update Controllers. Ichiteni padi ili pa chingwe, ndipo musaizule isanamalize.

6. Mabatire akugwedera. Izi ndi za Xbox. Tizitsulo togwira mabatire tikaphwa, kapena chitseko chikakhala chosagwira, padi imazima mukangoigwedeza. Igwedezeni dala ili yoyaka. Ikazima, chotsani mabatire, mupukute tizitsulo, ndi kutikweza pang'ono ndi chala mosamala.

## Siikutchaja, kapena moto ukutha msanga

1. Chingwe kapena bowo la USB. Sinthani chingwe, sinthani bowo. Micro-USB imatha msanga timano take, ndipo chingwe chimayamba kutchaja pokhapokha mutachipendeketsa. Zikafika apo musamachikakamize, mudzathyola bowo la padi lenilenilo.

2. Makina sakutulutsa moto akagona. Pa PS5 onani Settings, System, Power Saving, Features Available in Rest Mode, Supply Power to USB Ports. Mukasankha maola 3, moto umaduka maola atatuwo akakwana. Makina akazimiratu, sipatuluka moto. Padi ikamatchaja makina ali chigonere, kagetsi kamawala mtundu wa olenji pang'onopang'ono, ndipo ikadzaza kamazima. Ambiri akaona kazima amaganiza kuti yasiya kutchaja.

3. Mukuyembekeza zimene padi singachite. Padi ya Xbox sitchaja mabatire a AA, ngakhale akhale otchajika. Chingwe chimangoipatsa moto wosewerera. Mabatire otere amafuna tchaja yawoyawo, ndipo lotchajika ndi chingwe ndi batire lapadera la Play and Charge. Chimodzimodzi chogwirira cha Joy-Con chimene chimabwera m'bokosi la Switch sichitchaja. Joy-Con imatchaja ikalowetsedwa m'mbali mwa makina.

4. Fumbi m'bowo. Walitsani tochi. Mukaona ulusi wa m'thumba kapena fumbi logwirana, chotsani ndi kamtengo kotokosera mano padi ili yozima. Chachitsulo ayi.

5. Padi yakeyo ndi yakudya moto. Mapadi salingana. Nintendo imati Joy-Con imatha maola pafupifupi 20 ndipo Pro Controller pafupifupi 40. Microsoft imati mabatire a AA amafika maola 40. DualShock 4 ili ndi batire la 1000 mAh, DualSense la 1560 mAh, koma zonse ziwiri sizifika kumeneko, chifukwa zili ndi nyali, sipika ndi touchpad, ndipo DualSense ilinso ndi maikolofoni ndi timamota ta m'ma trigger, mabatani okoka ndi chala a L2 ndi R2. Kutchaja DualSense kawirikawiri si chizindikiro chakuti yawonongeka. Chepetsani kuwala kwa nyali, mphamvu ya kunjenjemera ndi ya ma trigger pa Accessories, ndipo zimitsani maikolofoni ngati simukulankhula ndi munthu.

6. Batire lakalamba. Batire la lithium limachepa mphamvu likamatchajidwa kambirimbiri, ndipo kutentha kumalikalambitsa msanga. Likakhala miyezi yambiri lilibe moto limathanso kukana kudzuka. Padi ya zaka zingapo imene ikuonetsa kuti yadzaza koma n'kutha pa ola limodzi ikufuna batire lina, osati kutayidwa.

Imani pomwepo padi ikatupa, msoko wake ukatseguka wokha, ikatentha moti simungaigwire, kapena ikamanunkha ngati mankhwala. Izuleni, muiike pa simenti kapena pa matailosi kutali ndi nsalu ndi mapepala. Musaifinye, musaibowole, musayesenso kuitchaja, ndipo musaitaye pamoto.

Mabatire a AA akatayikira mumaona ufa woyera wogwirana pa tizitsulo. Umenewu umaotcha khungu ndi maso. Valani magolovesi, chotsani mabatire, mupukute ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi viniga, muumitse bwinobwino. Musasakanize batire latsopano ndi lakale, ndipo ngati padi ikhala miyezi osagwira ntchito, ichotseni mabatire.

## Munthu kapena kamera ikuyenda yokha

Ili ndiye vuto limene limakwiyitsa anthu kwambiri, ndipo osewera amalitcha drift. Mwasiya kandodo ka analogi pakati, koma menyu ikutsika yokha, kapena kamera ikuzungulira pang'onopang'ono kumanzere. Ndikhalitsa pano chifukwa mpamene mapadi ambiri amawonongekera m'manja mwa eni ake.

Pansi pa kandodo kalikonse pali tizipangizo tiwiri totchedwa potentiometer, kena koyeza kumanja ndi kumanzere, kena m'mwamba ndi pansi. Mkati mwake kachitsulo kamakhula pa kanjira ka kaboni, ndipo padi imadziwa pamene kandodo kali poyeza mphamvu ya magetsi pa kanjirako. Chokhulana chimatha. Kaboni akamaperepeseka amasiya fumbi lakuda mkati momwemo, sipuling'i yobwezera kandodo pakati imafooka, ndiye padi imayamba kuwerenga kuti mwakankha pomwe simunakankhe. Vutoli silisankha kampani. Linamveka kwambiri pa Joy-Con, moti mu 2020 mtsogoleri wa Nintendo, Shuntaro Furukawa, anapepesa pa za mavuto a Joy-Con, ndipo mu 2023 kampaniyi inatsimikiza zokonza vutoli mwaulere m'maiko a ku Europe ngakhale waranti itatha. Koma mapadi a PlayStation ndi Xbox nawo amagwiritsa ntchito potentiometer, ndipo nawo amadwala matenda omwewa.

1. Fumbi, thukuta ndi tinyenyeswa m'munsi mwa kandodo. Zimitsani padi. Pendeketsani kandodo mbali imodzi, mupukute mpira wa m'munsi mwake ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol, sipiriti yotsukira zipangizo zamagetsi. Zungulizani kandodo kangapo mbali zonse, mukadine, mubwereze mbali inayo. Dikirani kuti kaume musanayatse. Pa Joy-Con pali kasiketi ka labala pansi pa kandodo, ndipo kamswachi kofewa kouma kamachotsa zambiri popanda kung'amba kasiketiko. Konyowetsa ndi kathonje, osati kuthira mankhwala m'padi. Musauzire mpweya ndi pakamwa, mumalowetsa chinyezi. Ndipo chonde, WD-40, mafuta a makina kapena pafyumu zisayandikire. Zimaoneka ngati zathandiza tsiku loyamba, kenako mafutawo amakoka fumbi n'kuwononga kanjira ka kaboni.

2. Padi yataya pakati pake. Pa Switch pitani ku System Settings, Controllers and Sensors, Calibrate Control Sticks. Mukasiya kandodo payenera kuoneka kamtanda pakati penipeni. Ngati kadontho kali pambali kapena kakunjenjemera, tsatirani malangizo a pa sikirini. Pa Xbox yang'anani mu Xbox Accessories, muli poyesera ndi pokonzera tindodo. Pa PlayStation yambani ndi kabatani ka reset kaja ndi update. Mukalumikiza padi iliyonse pa kompyuta mukhozanso kuona manambala amene kandodo kakutumiza.

3. Vuto lili m'gemu imodzi. Yesani magemu awiri kapena atatu ndi menyu ya makina. Magemu ambiri ali ndi deadzone, kadera kapakati kamene gemu imanyalanyaza. Mukakakuza pang'ono, drift yaing'ono imabisika. Kumeneku si kuchiza, ndi kugula nthawi, ndipo kulunjika kwanu kumachepako. Onaninso ngati palibe padi ina yoyaka imene yagwera kuseri kwa mpando ndipo kandodo kake kapanikizika. Pa Switch, Find Controllers imanjenjemeretsa padi yotayika kuti muipeze.

4. Potentiometer yatha. Ngati mwapukuta, mwakonza pakati, koma vuto likubwerera pakangopita masiku, ndipo likukokera mbali imodzimodzi, kachipangizoko katha. Kupukutanso sikubwezera kaboni amene wachoka. Kafunika kusintha.

Pa Joy-Con kandodo kamagwidwa ndi masikuluwu ndi kachingwe kopyapyala, koma kuti mufikepo mumadutsa pa batire ndi tizingwe tina tosachedwa kuduka. Pa DualShock 4, DualSense ndi padi ya Xbox kandodo kanawotchereredwa pa bolodi ndi miyendo yambiri, ndipo wosazolowera chowotcherera amasupula tinjira ta pa bolodi, padi n'kufa yonse. Apa mpofunika mmisiri. DualSense Edge ya 2023 ndiyo inapangidwa kuti mwini wake azisolola kandodo n'kulowetsa kena yekha.

Mukapita kwa wokonza, mufunseni ngati ali ndi tindodo ta Hall effect. Timeneti timayeza ndi maginito, palibe chokhulana pa kanjira, choncho sitiperepeseka ngati ta kaboni. Si nzeru yatsopano, padi ya Sega Dreamcast inali nayo kale mu 1998. Ine ndikamasintha kandodo ndimasankha timeneti, bola wokonzayo adziwe kukonza pakati pake akamaliza kuika.

## Mukadina, zikuchedwa kuchitika

Kawirikawiri wolakwa si padi.

1. TV. TV zamakono zimakongoletsa chithunzi zisanachionetse, ndipo ntchito imeneyo imadya nthawi. Gemu ya mafulemu 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa ma millisecond pafupifupi 17 aliwonse, choncho TV ikachedwa ndi mafulemu anayi kapena asanu, dzanja limamva. Yatsani Game Mode pa bowo la HDMI limene makina alowa, ndipo zimitsani zosalalitsa kayendedwe ka chithunzi.

2. Intaneti. Ngati pa menyu ndi pa gemu ya nokha zikuyenda bwino koma zikuchedwa mukamasewera ndi anthu pa intaneti, nkhani ndi ya netiweki. Chingwe cha LAN chimathandiza kuposa kugula padi ina.

3. Mafunde ndi batire. Bwererani ku mfundo za padi yoduka. Padi isanaduke imayamba yachedwa kaye, nthawi zina munthu wanu n'kupitiriza kuthamanga inu mutasiya kale.

4. Zodutsamo za HDMI. Ngati chithunzi chimadutsa mu sipika ya TV yotchedwa soundbar kapena kabokosi kogawa HDMI, bayani makina mwachindunji pa TV muyerekeze.

## Batani likumata kapena silikuyankha

1. Zotsekemera ndi litsiro la m'manja. Batani lolowa koma lobwerera mwaulesi lamatidwa. Padi ili yozima, pukutani m'mphepete mwa batani ndi kathonje ka isopropyl, mulidine kambirimbiri, mubwereze mpaka limasuke.

2. Mabatani anasinthidwa ntchito. Makina onse atatu amalola kusintha ntchito za mabatani, ndipo mwana kapena mlendo akhoza kusintha osakuuzani. Pa PlayStation onani pa Accessibility, pa Xbox mu Xbox Accessories, pa Switch pa Change Button Mapping. Switch ilinso ndi Test Input Devices yoonetsa ngati batani likufika.

3. Labala wa pansi pa batani wang'ambika, kapena sipuling'i ya trigger yathyoka. Trigger yolendewera yopanda mphamvu, kapena kanthu kolira mkati mukagwedeza padi, ndi chizindikiro chake. Tizipangizo timeneti timasinthika, koma mpaka padi itsegulidwe.

## Mahedifoni sakumveka

Bowo la mahedifoni pa padi ndi la 3.5 mm. Kankhani pulagi mpaka ilowe yonse, chifukwa kava ya labala imene ena amavalika padi imailepheretsa kufika. Kenako onani ngati mawu sanatsekedwe pa menyu, ndipo pa PlayStation sankhani All Audio pa Output to Headphones, apo ayi mudzangomva olankhula okha. Yesani mahedifoniwo pa foni. Mawu odukaduka amachokera ku mafunde kapena batire lofooka, popeza mawu amadutsa njira yomweyo ya padi. Bowo logwedera limene limamveka mukagwira pulagi ndi dzanja ndi la wokonza.

## Yagwera madzi kapena chakumwa

Izimitseni msanga, chotsani mabatire ngati amachoka, ndipo musadine mabatani poyesa ngati ikugwira. Ipukuteni, muiike chozondoka pamalo opita mphepo kwa masiku awiri kapena atatu. Musaiike padzuwa, pa mbaula kapena pa chowumitsira tsitsi, ndipo musaitchaje. Ngati chinali chakumwa cha shuga, kuuma sikokwanira, shugayo amatsalira pa bolodi n'kuyamba kudya tinjira. Ipititseni ikatsukidwe mkati isanachite dzimbiri.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa katswiri

- Padi ikadali pa waranti. Musamasule sikuluwu ngakhale imodzi. Pezani lisiti, mulembe nambala ya padi imene ili kuseri kapena mogona mabatire, mulankhule ndi amene anakugulitsani kapena kampani yake. Kutalika kwa waranti kumasiyana dziko ndi dziko, choncho werengani pepala lanu.
- Batire latupa, likutentha kapena likununkha.
- Bowo la USB lathyoka, likugwedera, kapena lada ngati lapsa.
- Drift ikubwerera mutapukuta ndi kukonza pakati.
- Mapadi onse akukana pa makina amodzi okha.
- Padi siikuyaka ngakhale ndi chingwe chabwino, batire labwino ndi reset.
- Ntchito iliyonse yofuna chowotcherera, ngati simunachigwirepo.

Mukamapereka padi, muuzeni wokonza zimene mwayesa kale, nthawi imene vuto limachitika, ndiponso ngati inagwapo kapena kunyowa. Musabise zimenezi, zimamufupikitsira ntchito. Tengani chingwe chimene mumagwiritsa ntchito kuti nachonso achiyese. Mufunseni mtengo asanatsegule, muuyerekeze ndi wa padi yatsopano, ndipo mumupemphe kuti akubwezereni kachipangizo kamene wachotsa. Poitenga, iyeseni pomwepo: tindodo tonse tiwiri mbali zonse, ma trigger, kutchaja, ndi kulumikizana popanda chingwe.